Kuchoka mu Mtondo Kufika mu Botolo: Mbiri ya Saladi ku Garden

Ku Garden, komboni ya kumpoto kwa tauni ya Lusaka imene msewu wa Katima Mulilo umadutsamo, saladi, kutanthauza mafuta ophikira, imagulitsidwa pa muyeso uliwonse umene thumba la munthu lingathe. Wolandira malipiro pakutha pa mwezi amanyamula chigubu cha malita 5. Wodalira ganyu amapita pa kantemba n'kugula ya m'kapulasitiki, yongokwanira kukazinga lepu wa madzulo amenewo. Nyumba ikhoza kutha mwezi osalawa nyama, anthu n'kumapirira, koma saladi ikatha mayi amanena kuti lero kulibe ndiwo, ngakhale masamba ali tho m'beseni. Wobadwa pambuyo pa 1990 angayese kuti zakhala chonchi chiyambire. Sizili tero. Chizolowezi chimenechi n'chaching'ono msinkhu kuposa agogo ambiri a m'komboniyi, ndipo matenda amene akuyenda nacho sitingawamvetse tisanadziwe njira imene chinadzera.

Mafuta a mumtondo

Anthu ambiri a ku Garden mizu yawo ili kum'mawa, ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi. Ena anachokera ku Malawi, ena kwa Abemba kumpoto, ena kwa Atonga kumwera. Kumidzi imeneyo, zaka 100 zapitazo, kukazinga kunali kwa pa phale louma: chimanga, nshawa, inswa. Ndiwo ankaziwiritsa, kuziotcha, kuzifutsa kapena kuzitendera. Chibwabwa, bondwe ndi kalembula zinkapsa m'madzi ndi mchere, kenako mayi n'kuthiramo nsinjiro. Therere linkangofuna chidulo. Mafuta oyenga amene anali ofala ndi a nsatsi, ndipo amenewo anali odzola, osati odya.

Sikuti thupi silinkalandira mafuta. Ankabwera atabisala m'nthanga za maungu, m'chitowe, mu inswa za nthawi ya mvula, m'mbewa zonona za m'chilimwe, m'nsomba, ndipo koposa zonse mu nshawa. Mbewu imeneyi kwawo ndi ku South America. Amalonda achipwitikizi anaifikitsa ku Africa m'zaka za m'ma 1500, ndipo inamera bwino m'dothi la kum'mawa mpaka mtundu wa Chalimbana unatchuka ngakhale kunja kwa dziko. Pafupifupi theka la kulemera kwa nshawa youma ndi mafuta. Koma mafuta amenewo ankalowa m'mimba pamodzi ndi zomanga thupi ndiponso gaga wake, ndipo kuchuluka kwake kunkalekezera pamene mkono wa wosinja watopera. Nyama ya mbuzi kapena ng'ombe inkaoneka pamaliro, paukwati ndi pa miyambo. Nkhuku inkadikira mlendo. Zonse zimene munthu wadya zinkathera pa khasu, pa nkhuni ndi pa ulendo wa kuchitsime.

Moyo umenewo sunali wa mwanaalirenji. Audrey Richards, amene anakhala pakati pa Abemba n'kutulutsa buku lake la kadyedwe ka ku Northern Rhodesia mu 1939, anafotokoza miyezi ya njala imene inkabwera chaka ndi chaka mbewu zisanache. Kum'mawa nakonso January ndi February ankapeza nkhokwe zili mbee, nshawa zitatha kapena zitagulitsidwa kuti papezeke ndalama ya msonkho. Pamalo otere kunenepa kunali umboni wa mtendere. Mkazi akabwera kudzaona makolo ali ndi thupi, azakhali ankati, "Mwana wathu akusungidwa bwino." Ndiwo zonona zinali ulemu kwa mlendo. Maganizo amenewa anakwera basi limodzi ndi anthu popita ku Lusaka, ndipo sanatsikepo panjira.

Mphika wa m'tauni

Lusaka inali kasiteshoni ka njanji mu 1905, ndipo inakhala likulu mu 1935 boma litasamuka ku Livingstone. Atsamunda anaikonza kuti ikhale tauni ya azungu. Munthu wakuda ankaloledwa kukhalamo pokhapokha ali pa ntchito, chitupa chili m'thumba, ndipo antchito ambiri ankalandira phoso la ufa, nyemba ndi mchere. Kubutchala Mwafirika ankagulira pa kawindo ka kumbali, kumene ankamuponyera mafupa ndi zotsalira. N'chifukwa chake m'zaka za m'ma 1950 chipani cha African National Congress cha Harry Nkumbula chinatsogolera anthu kunyanyala mabutchala, ndipo Kenneth Kaunda analumbira kusiya nyama, lumbiro limene analisunga mpaka imfa yake mu 2021 ali ndi zaka 97.

Ufulu utabwera mu 1964, zitupa zinatha ndipo mabanja athunthu anakhamukira m'tauni. Mu 1963 Lusaka inali ndi anthu pafupifupi 123,000. Pofika 1969 anapitirira 260,000, ndipo mu 1980 anadutsa theka la miliyoni. Nyumba za kanselo ku Matero ndi Chilenje sizikanakwana, choncho anthu anaumba njerwa n'kudzimangira ku Kanyama, Chawama, George, Kalingalinga, Chaisa ndi m'mbali mwa madamu a madzi oipa ochokera ku Manchinchi, kumene kuli Garden. Mu 1974 boma linapanga lamulo lovomereza makomboni, ndipo ntchito yoika mipopi, misewu ndi mapuloti, yolipiridwa ndi ngongole ya World Bank, inafika ku Chawama, George, Chaisa, Chipata ndi Garden.

Apa m'pamene mphika unasinthira. M'komboni mulibe munda wa nshawa, moti nsinjiro inasanduka chinthu chogula. Nkhuni zotola kulibenso. Pali mbaula, ndipo malasha ndi ndalama. Nyemba zimadya moto maola angapo, pamene lepu wokazinga ndi tomato ndi anyezi amapsa nsima isanathe kuvundulidwa. Kapenta wodzaza dzanja limodzi, akakazingidwa n'kupangidwa msuzi wa mafuta, amatha kuperekeza nsima ya anthu 8. Makhukhi amene ankagwira ntchito m'nyumba za azungu ndi amwenye anabwera ndi kaphikidwe kameneka kunyumba, ndipo kanayamba kuoneka kachitukuko. Ndiwo zotendera zinayamba kutchedwa zakumudzi.

Zimene madokotala ankapeza kutali

Pa nthawi yomweyo, m'maiko olemera amuna a zaka 50 ankagwa ndi mtima mochuluka, ndipo akatswiri ankafufuza chifukwa chake. Cholesterol anali atadziwika kale. Michel Chevreul wa ku France anamupatsa dzina mu 1815 atamupeza m'timiyala ta m'ndulu. Mu 1913 Nikolai Anitschkow wa ku St Petersburg anadyetsa akalulu cholesterol ndipo mitsempha yawo inayamba kutsekeka. Mu 1948 madokotala anayamba kutsatira moyo wa anthu oposa 5,000 a m'tauni ya Framingham ku America, ndipo anaona kuti cholesterol wochuluka m'magazi, BP yokwera ndi fodya zimatsogolera matenda a mtima. Mu 1958 Ancel Keys anayamba kuyerekeza maiko 7, napeza kuti kumene anthu amadya mafuta ambiri a nyama ndi a mkaka, monga ku Finland, imfa za mtima zinali zochuluka kuposa ku Japan kapena pa chilumba cha Crete, kumene mafuta ake ndi a olive.

Umboni wina unachokera kuno ku Africa. Mu 1959 Gerald Shaper ndi mnzake Jones analemba za anthu a ku Kampala ku Uganda. Pakati pa Aafirika, amene ankadya nthochi zophika, mbatata, masamba ndi nshawa, cholesterol anali wotsika ndipo matenda otseka mitsempha ya mtima anali osowa kwambiri. Pakati pa amwenye a m'tauni yomweyo, amene chakudya chawo chinali cha mafuta ambiri, matendawa anali ofala. Ena anayamba kukhulupirira kuti mtima ndi matenda a azungu ndi amwenye. Chimene chinkateteza Mwafirika sichinali khungu lake, chinali mbale yake ndi ntchito yake.

Zimene zadziwika kuchokera pamenepo ndi izi. Cholesterol si poizoni. Thupi limamufuna pomanga maselo, popanga mahomoni, ndulu ndi vitamini D, ndipo gawo lalikulu limapangidwa m'thupi momwemo, makamaka m'chiwindi, ngakhale munthu asadye nyama. M'magazi amayenda atanyamulidwa ndi timagulu tiwiri todziwika. LDL imamutenga kuchiwindi kupita naye m'thupi, HDL imatola wotsala n'kumubweza kuchiwindi. Michael Brown ndi Joseph Goldstein analandira mphoto ya Nobel mu 1985 posonyeza mmene maselo a chiwindi amachotsera LDL m'magazi. LDL ikachuluka imalowerera m'khoma la mtsempha n'kumaunjikana chaka ndi chaka, monga zinyalala zimachitira m'ngalande ya m'komboni, imene palibe amaiganizira m'chilimwe mpaka mvula ya January itafika. Mtsempha wotsekekawo ukakhala wa kumtima, munthu amagwa ndi mtima. Ukakhala wa kuubongo, ndi sitiroko.

Chimene chimakweza LDL kwambiri ndi mtundu wa mafuta. Pali mafuta oundana, amene akatswiri amati saturated, omwe amauma akazizira: a ng'ombe, a mbuzi, a nkhumba, batala, a kokonati ndi a kanjedza wa mafuta. Amenewa amachititsa chiwindi kuchedwa kuchotsa LDL. Palinso mafuta osaundana, a mpendadzuwa, soya, nshawa, mapeyala ndi nsomba, amene amatsitsa LDL akalowa m'malo mwa oundanawo.

Zaka za pamzere

Nkhani zimenezi sizinkamveka ku Garden, ndipo zikanamveka anthu akanaseka, chifukwa vuto lawo linali lina. Pambuyo pa mfundo za Mulungushi za 1968, mafakitale ambiri analowa m'manja mwa boma kudzera ku bungwe la INDECO, ndipo mafuta ophikira ankayengedwa ndi kampani ya Refined Oil Products, yodziwika kuti ROP. Mu January 1973 malire ndi Rhodesia anatsekedwa. Mu 1975 mtengo wa kopa unagwa. Ndalama zakunja zogulira mbewu za mafuta ndi zitsulo za makina zinasowa, ndipo saladi, sopo, shuga ndi ufa zinayamba kuzimiririka m'mashelufu.

Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira mizere ya pa masitolo a ZCBC, Mwaiseni ndi NIEC. Mphekesera ikamveka kuti saladi yafika, amayi ankanyamuka kusanache, ana pamsana, ndipo ana okulirapo ankatumidwa kukagwira malo. Wofika mochedwa ankagula kwa anyamata a pamsewu pa mtengo wowirikiza. Botolo likapezeka linkabisidwa kuchipinda, ndipo mafuta ankadonthezedwa ndi kachivindikiro. Mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera kwambiri, zipolowe zinabuka mu Lusaka ndipo anthu anafa. Chaka chotsatira chipani cholamula cha UNIP chinagonja kwa MMD ya Frederick Chiluba.

M'zaka zomwezo kunabwera mliri wa Edzi, umene anthu ankautchula kaliwondewonde. Munthu akachepa thupi, komboni yonse inkanong'ona. Mankhwala a ma ARV asanayambe kuperekedwa kwaulere cha m'ma 2005, thupi lonenepa linali chikalata chosonyeza kuti munthu ali bwino. Choncho mbadwo umene ukuphika lero unaleredwa ndi zikumbukiro ziwiri: kuti saladi ndi chinthu chosowa chimene wopeza bwino amathira mosaumira, ndi kuti kuonda ndi chizindikiro cha imfa. Dzanja limene limapendeketsa botolo lero likubwezera zaka zija za pamzere.

Msika utatseguka

Kuyambira 1992 makampani a boma anayamba kugulitsidwa ndipo katundu wakunja analowa momasuka. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba pa Cairo Road mu 1995, ndipo Manda Hill, imene munthu wa ku Garden amafikako wapansi, inatsegulidwa mu 1999. Mu October 2000 maiko ena a m'bungwe la COMESA anayambitsa malonda opanda msonkho pa msonkhano wa ku Lusaka. Mafuta a kanjedza, amene ochuluka kwambiri amachokera ku Indonesia ndi Malaysia, anafika otchipa. Ulimi wa soya unakulanso, ndipo mafakitale oyenga anachuluka, kuphatikizapo Zamanita, imene Zambeef inagulitsa kwa Cargill mu 2015. Mizere inatha.

Koma kugulitsidwa kwa makampani kunachotsanso anthu zikwi zambiri pa ntchito, ndipo bizinesi yosavuta kuyamba inali ya mbaula, chiwaya ndi saladi. Vitumbuwa m'mawa, chipisi ndi soseji masana, michopo ndi mapazi a nkhuku madzulo pafupi ndi mabala: chakudya cha pamsewu cha Lusaka chinakhala chokazinga. Nkhuku za chizungu zoweta kuseri kwa nyumba ndi ma soya pieces zinalowa m'mphika, zonse zofuna mafuta. Wogulitsa sangataye mafuta a dzulo, chifukwa phindu lake lili momwemo. Amangothirapo ena pamwamba. Mafuta otenthedwa mobwerezabwereza amada, amachita thovu, amanunkha, ndipo amakhala atawonongeka n'kupanga zinthu zovulaza thupi. Mu 2022, nkhondo ya ku Ukraine itasokoneza malonda a mpendadzuwa ndipo Indonesia itaimitsa kwa milungu ingapo kutumiza kunja mafuta a kanjedza, saladi inadula kwambiri, ndipo chiyeso chobwereza mafuta chinakula.

Kuwonjezera pa mafuta oundana ndi osaundana, pali mtundu wachitatu umene ndi woipa kuposa yonse. Mu 1902 Wilhelm Normann wa ku Germany anapeza njira youmitsira mafuta a mbewu kuti akhale olimba ndi osaola msanga, ndipo kwa zaka zambiri majarini, mabisiketi ndi mafuta a m'mabekari ankapangidwa motero. Mu 1990 Ronald Mensink ndi Martijn Katan a ku Netherlands anasonyeza kuti mafuta amenewa, otchedwa trans fat, amakweza LDL n'kutsitsanso HDL. Denmark inawaikira malire mu 2003, South Africa mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha maiko onse kuwachotseratu m'zakudya za m'mafakitale.

Nyumba imodzi, mavuto awiri

Zotsatira zake zikuoneka m'kafukufuku wa boma. Mu 2001 ndi 2002, akazi 12 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa mopitirira muyeso. Pofika 2013 ndi 2014 anali 23, ndipo m'matauni anali pafupifupi mmodzi mwa atatu. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ambiri osadziwa. Ku zipatala za UTH ndi Levy Mwanawasa odwala sitiroko si alendo, ndipo ena ndi a zaka 40 zokha. Kunyumba abale amayamba kulozana zala za ufiti, poti munthuyo dzulo anali bwinobwino. Chakudza sichiimba ng'oma. Cholesterol ndi BP sizipweteka mpaka tsiku lomaliza.

Komabe mu 2018 ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Nyumba imodzi ya ku Garden ikhoza kukhala ndi mayi wa BP ndi shuga, ndi mwana amene sakukula. N'chifukwa chake kulalikira kuti mafuta ndi oipa n'kusokeretsa anthu. Galamu imodzi ya mafuta imapatsa mphamvu ya makalori 9, pamene ya ufa kapena shuga imapatsa 4, ndipo kamimba ka mwana sikangatenge phala lambiri. Phala lake likufunika nsinjiro kapena kasupuni ka saladi. Mavitamini A, D, E ndi K salowa bwino m'thupi popanda mafuta, moti chibwabwa chopanda nsinjiro kapena kadontho ka saladi chimataya phindu lina. Ndipo wamkulu amene wasiya mafuta n'kuwonjezera nsima ya bulekifasiti, buledi woyera ndi zakumwa za shuga sanapulumutse mtima wake.

Muyeso ulipo. WHO imalangiza kuti kwa wamkulu mafuta onse asapitirire 30 pa 100 ya mphamvu ya chakudya cha tsiku, oundana asapitirire 10, ndipo trans fat asapitirire 1. Kwa munthu wodya makalori 2,000, amenewa ndi magalamu pafupifupi 67, kapena masupuni aakulu osakwana 5, powerengera ndi mafuta amene ali kale mu nyama, nshawa, mkaka ndi vitumbuwa. Pa mafuta a kanjedza, pafupifupi theka ndi oundana. Pa a soya ndi gawo limodzi mwa magawo 6 kapena 7, ndipo pa a mpendadzuwa ndi ochepera pamenepo. Saladi imene imachita mbuu kapena kugwirana m'botolo pa chisanu cha June ndi July ikusonyeza kuti ili ndi oundana ambiri. Mawu a pa botolo onena kuti mulibe cholesterol asakunyengeni. Mafuta onse a mbewu alibe cholesterol, koma oundana amene alimo amakweza wa m'magazi anu. Dzira nalo lanamiziridwa kwa nthawi yaitali. Lili ndi cholesterol, koma kwa anthu ambiri dzira lophika limodzi pa tsiku silivuta, ndipo kwa mwana ndi chakudya chabwino zedi.

Zimene sayansi yafikapo patatha zaka 100 zili pafupi ndi mphika wa agogo kuposa chiwaya cha pamsewu. Nsinjiro, nyemba, nthanga, mapeyala, masamba ndi kapenta wa ku Mpulungu kapena Siavonga zili pa msika wa Garden tsiku lililonse. Nshawa zokha zifunika kusankha, chifukwa za chuku zimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Kubwerera kumudzi sikungatheke, ndipo palibe akufuna mizere ya ZCBC ibwerenso. Chotheka ndi kuika supuni pafupi ndi botolo, kutendera ndiwo masiku ena pa mlungu, kuchotsa mafuta oyera pa nyama, kuchepetsa soseji ndi mchere, ndi kutaya mafuta akada.

Inu amene mwadutsa zaka 40, kapena amene kwanu wina anagwapo ndi mtima kapena sitiroko ali wamng'ono, pitani mukayezetse BP ndi shuga ku kiliniki, ndipo mufunse za kuyeza cholesterol. Kuonda sikukutetezani, chifukwa mabanja ena amabadwa ndi LDL yokwera. Mankhwala otsitsa cholesterol, otchedwa statin, akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira 1987, ndipo dokotala akakulemberani, imwani monga wanenera.